Mawu a Bambo a Ana pa Tepi ya Ukwati

Amuna anga ankalankhula mokweza. Sikuti anali aukali ayi. Anagwira ntchito zaka zambiri ku fakitale ya tiyi, kusonkha nkhuni za bulugama pa boyila, ndipo phokoso la makina linawagonthetsa makutu pang'ono. Akafuna kundiuza kuti mchere watha, nyumba zonse za mu laini yathu pa esiteti zinkadziwa kuti kwathu mchere watha. Ndinkawaletsa kuti, "Bambo, tsitsani mawu, anthu akumva." Iwo ankayankha kuti, "Mwati chiyani?" mokweza kuposa poyamba.

Anamwalira ndi chifuwa m'nyengo yozizira. Nyumba inali ya ntchito yawo, ine ndinkangotchola tiyi nthawi ya mvula, choncho kampani inandiuza kuti ndituluke. Tinakawaika kwawo kwa Changata. Abale awo anabwera kudzandisudzula, kundimasula pa ukwati monga timachitira, ndipo anatenga zovala, njinga ndi wailesi. Sindinakangane ndi munthu pa katundu. Ndinabwerera kwathu kwa Kapichi ndi sutikesi yanga. Pansi pa zovala ndinaikamo tepi ya vidiyo ya ukwati wa mwana wathu wamkazi, nditaikulunga m'chitenje, chifukwa imeneyo sinali ya bambo okha.

Tepiyo anajambula ndi munthu wina wochokera ku Limbe, amene akuchimuna anamuitana. Masiku amenewo tinkaionera kunyumba kwa akapitawo, amene anali ndi tivi ndi deki yoonetsera matepi. Deki ija itafa, anthu anayamba kuonera zimbale, kenako mafoni, tepi yathu n'kukhala m'sutikesi zaka zonsezi. Koma ine ndinkadziwa zonse zili m'menemo.

Koyambirira kwenikweni, mapemphero asanayambe, wojambula uja anapeza bambo kuseri kwa tchalitchi akulimbana ndi tayi yobwereka kwa akalaliki. Anali asanavalepo tayi chibadwire. Anaizunguliza pakhosi ngati akumanga mbuzi, kenako n'kukuwa, "Mayi a ana! Bwerani kuno, chingwe ichi chikundipha!" Ine ndikuoneka ndikubwera mothamanga, ndikuyesa kuwamanga, inenso osadziwa, tonse n'kumaseka. Chakumapeto, pa madyerero, bambo anaimirira kulangiza akwati m'Chilomwe, monga bambo awo anatilangizira ife. Ana athu Chilomwe amangomva apa ndi apo. Tsiku limenelo lokha ndi limene anamva bambo awo akuchilankhula nthawi yaitali pagulu.

Chimene chinanditulutsitsa tepi m'sutikesi ndi ichi. Tsiku lina mbuzi za anansi zinalowa m'munda mwanga mwa chinangwa, ndipo ndikuzithamangitsa ndinaganiza kuti bambo akanakhalapo, akanangokuwa kamodzi, mbuzi n'kuthawa ndi eni ake omwe. Ndinaima kuti ndimve m'mutu mwanga mmene ankakuwira. Zimene ankanena ndinazikumbukira, koma liwu lawo silinabwere. Linabwera liwu la alamu anga, ang'ono awo a bambo, amene amalankhulira m'mphuno. Ndinayesanso madzulo, ndinayesa m'mawa mwake. Nkhope ndinali nayo pa chithunzi cha pakhoma, koma mawu anali atandichoka. Ndinachita mantha kuposa tsiku la maliro.

Nthawi imeneyo abale a bambo anali kukonza zomanga chiliza pa manda awo. Mwana wanga, mwini ukwati uja, anabwera kuchokera ku Limbe kudzamva za tsiku, ndipo ndinamuuza za mawu. Iye anati, "Amayi, matepi amenewa masiku ano amawasamutsira pa chimbale. Pa Masambanjati pali munthu amachita zimenezo. Mukapititse, tidzaonere tonse tsiku la chiliza."

Ndinapita tsiku la msika. Kanyumba ka ntchitoyi kanali pakati pa ometa ndi ogulitsa nyama, chokuzira mawu chachikulu chili pakhomo. Mwini wake anali munthu wamkulu ndithu, wa msinkhu wa mkamwini wanga. Ntchito yake yambiri inali kuika nyimbo m'mafoni a anthu ndi kujambula maukwati. Anatsegula kachitseko ka tepi, n'kundionetsa zoyera zitamera m'kati.

"Amayi, munkasunga kuti imeneyi? M'chitsime?"

"M'sutikesi."

"Chiperoni cha kuno chimalowa ndi m'sutikesi momwe. Ichi ndi chuku. Tepi ikafika apa imadutsa m'deki kamodzi, mwina kawiri, kenako imaduka."

Ndinamuuza bwinobwino, ndipo ndikunena pano chifukwa pambuyo pake anafuna kuzemba. Ndinati, "Achimwene, amuna anga anamwalira. Ndikufuna zonse zili m'menemo mmene zililimo, makamaka pamene iwo akulankhula. Mawu awo ndi amene ndabwerera." Anati, "Musadandaule, amayi, ntchito yathu imeneyi." Ndinamuuza tsiku la chiliza kuti asachedwe.

Mwana wanga anauza alamu za chimbale. Alamu anatumiza mawu kuti ndisavutike kukatenga, iwo azidzera pa Masambanjati pomwepo pokagula simenti ndi laimu. Miyendo yanga imatupa, choncho ndinathokoza.

Tsiku la chiliza tinapita kumanda m'mawa, abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pa chiliza, tinabwerera kumudzi kukadya. Masana anatulutsa tivi yobwereka kwa aphunzitsi, naiika patebulo m'khonde la alamu, ndi batire la sola pansi. Anthu anadzaza bwalo. Ine ndinakhala pamphasa patsogolo ndi adzukulu anga, mtima ukugunda ngati mtsikana amene akudikira mlendo.

Chimbale chinayamba ndi nyimbo ya maliro, ya kwaya ya amayi. Panaoneka maluwa, kandulo, ndi zilembo zikuyenda zonena kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Ndinati mwina ndi poyambira chabe. Kenako bambo anaoneka, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu akuwoloka mtsinje wodzaza, mitambo itawazungulira. Bambo sanayendepo choncho moyo wawo wonse. Ankayenda mofulumira ngati belu la fakitale lalira kale.

Ndiye panafika pa tayi paja. Ndinaona dzanja lawo pakhosi, ndinaona akutembenuka kundifuna, pakamwa pawo n'kutseguka. Ndinasendera kutsogolo. M'kamwa mwa amuna anga munatuluka mawu a azimayi akuimba nyimbo ya maliro.

Ine anandidula m'chithunzicho. Panangotsala dzanja langa pakhosi pawo, ngati la munthu wosadziwika. Mwana wanga ndi mwamuna wake anangooneka pang'ono n'kuzimiririka. Kuvina konse, perekaniperekani yense, kuseka konse, palibe. Pamene bambo anaimirira kulangiza m'Chilomwe, milomo inkayenda pang'onopang'ono, nyimbo ija ikupitirira pamwamba pawo mpaka chimbale chinatha.

Azimayi kumbuyo kwanga ankalira. Wina anati, "Koma zakongola, ngati za anthu a m'tauni." Alamu anaima pafupi ndi tivi, manja kumbuyo, akugwedeza mutu ngati chiliza ndi chimbale zonse anaumba okha.

Ndinadikira kuti anthu ayambe kubalalika, koma mawu anga sanatsike monga ndinkafunira.

"Alamu, mawu ali kuti?"

"Mawu ake ati, alamu?"

"Mawu a akulu anu. Ndinapititsa tepi ya munthu wolankhula, mwandibweretsera munthu wosalankhula."

Anaseka pang'ono, n'kuyang'ana amuna anzawo. "Aaa, zimenezo. Ndinadzera kwa wojambula wa pa Masambanjati uja ntchito isanathe. Ndinamuuza kuti ichi n'cha chiliza, achikonze ngati cha chiliza. Nanga pa mwambo ngati uno tikanaonetsa anthu akuvina, akuponya ndalama m'lichero? Komanso paja achimwene akukuwa ngati ali pa boyila. Anthu akanaseka."

"Akanaseka, nanga cholakwika n'chiyani? Moyo wawo wonse anthu ankaseka akalankhula, iwonso n'kumaseka nawo."

"Alamu, tinakusudzulani kale. Za pano zisiyireni ife eni ake."

Ndinawayang'ana m'maso. Ndinati, "Njinga munatenga, sindinalankhule. Wailesi munatenga, jekete yawo mwavala lero lomwe lino, sindinalankhule. Zimenezo ndi zanu. Koma tepi ija ndi ya ukwati wa mwana amene ndinabereka ine, ndipo amene ankamuitana pamenepo ndine. Inu munafunsa ndani?"

Mwana wanga anandikoka chitenje, akunong'ona kuti, "Amayi, anthu akuona." Ndinati aone. Sindinagone kwa Changata monga tinapanganira. Ndinakwera njinga yamoto dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake ndinali pa Masambanjati mwini kanyumba uja asanamalize kusesa pakhomo. Atandiona anamwetulira, akuganiza kuti ndabwera kudzathokoza.

"Amayi, chinayenda bwanji chiliza? Anthu anachikonda?"

"Tepi ija anabweretsa ndani pano?"

"Inu, amayi."

"Ndinakuuzani kuti ndabwerera chiyani?"

Anaika tsache pansi. Anati abambo aja anabwera, anati ndi eni maliro, ndipo aliyense wobweretsa zithunzi za chiliza amafuna choncho: nyimbo, maluwa, munthu ayende pang'onopang'ono. Anati ndiwo ulemu wake. Anati mawu a m'tepi anali ndi phokoso ngati mvula pa malata, sakanamveka bwino pagulu. Ndinamufunsa ngati anawamva mawuwo. Anati inde, tepi inadutsa yonse ulendo woyamba, kuyambira kutchalitchi mpaka kumadyerero, zonse zinalowa m'kompyuta ndi mawu omwe.

"Ndiye ndipatseni zimenezo."

Anayang'ana pansi. "Ndinafufuta, amayi. Kompyuta yanga malo ndi ochepa, ndipo ndinali ndi ukwati wina Loweruka. Chimbale chitatuluka ndinaona ngati ntchito yatha."

Sindinamvetse bwino za malo a m'kompyuta, koma ndinamva kuti mawu a amuna anga anali m'manja mwake, onse, ndipo anawataya kuti aikepo ukwati wa anthu ena amene adakali moyo. Ndikanakhala munthu womenya, ndikanamenya tsiku limenelo.

Ndinafunsa za tepi. Anaipeza m'katoni pansi pa tebulo, pakati pa mawaya ndi mafoni akufa, yopanda chitenje changa. Ndinati aidutsitsenso. Anakana. Anati chuku chija chinadetsa deki yake, anatha tsiku lonse akupukuta ndi sipiriti, deki ndi imodzi yomweyo ndipo zipangizo zake sizipezekanso. Anati ndibwere sabata yamawa, aone.

Sabata yamawa ndimaidziwa ine. Ndinaimva kokwanira ku ofesi ya esiteti. Ndipo pa esiteti pomwepo ndinaphunzira china. Kalaliki akafuna kutseka sikelo madengu athu a tiyi asanayezedwe, sitinkakuwa. Tinkangokhala pansi kutsogolo kwa thirakitala ndi madengu athu, mpaka sikelo itsegulidwenso.

Ndinakonza chitenje changa, n'kukhala pansi pakhomo pake penipeni, miyendo nditatambasula kuchokera mbali ina ya chitseko mpaka ina.

"Amayi, mukutseka njira."

"Ndatopa, ndikupuma."

Kwathu kuno munthu sadumpha miyendo ya munthu wamkulu. Anyamata ndi atsikana ankabwera ndi mafoni awo kudzaikitsa nyimbo, kufika pakhomo, kuona miyendo yanga ndi duku langa lakuda, n'kuima. Ena anadikira, ena anapita kwina. Iyenso mwini wake sakanatha kutuluka. Anandichonderera, anandibweretsera mpando, ndinati pansi pomwepa pali bwino.

Azimayi ogulitsa nthochi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzafunsa. Ndinawafotokozera mosakweza mawu. Mmodzi, wonenepa, wa lamba wa ndalama m'chiuno, anasuzumira m'kati n'kunena kuti, "Achimwene, ndi zoona? Munthu wakufa mwamutsekanso pakamwa kachiwiri?"

"Amayi, inu simukudziwa mmene ntchitoyi imayendera."

"Tikudziwa. Chaka chatha munaika apongozi anga m'mitambo, munthu woti ankaopa ndi kukwera minibasi komwe."

Anthu anaseka. Wometa uja anatuluka ndi lumo m'manja, nati, "Aise, ingowaikira tepi amayiwa. Deki yakoyo ukufuna udzaikidwe nayo m'manda?"

Dzuwa litafika pamutu anagonja. Anatulutsa deki pansi pa nsalu, nailumikiza ku kompyuta, akung'ung'udza. Asanalowetse tepi anandiyang'ana, ndipo apa analankhula zoona, ndisamunamizire.

"Amayi, ndinanena tsiku loyamba. Imeneyi yadutsa kale kamodzi. Ikhoza kuduka paliponse. Ndikaithamangitsa kuti tifike kumapeto, ikhoza kuduka tisanamve kanthu. Tiyambire pati?"

Tayi inali koyambirira. Malangizo a m'Chilomwe anali kumapeto. Ndinaganiza za adzukulu anga, amene sadziwa ngakhale kupereka moni m'Chilomwe. Ndinaganiza za munda wa chinangwa uja. Ndinati, "Yambirani poyamba. Ndipo musaikepo kanthu, ngakhale duwa limodzi."

Ndinadzuka pakhomo, n'kuima kumbuyo kwake. Chithunzi chinkadumphadumpha, mizere yoyera ikudutsa. Phokoso linalidi ngati mvula pa malata. Panaoneka khoma la tchalitchi, tiyi wobiriwira kumbuyo mpaka kuphiri, kenako bambo ndi tayi yawo. Iye anaiwala kuti kompyuta inali yolumikizidwa ku chokuzira mawu cha pakhomo chija.

"Mayi a ana! Bwerani kuno, chingwe ichi chikundipha!"

Msika wonse unamva. Ogulitsa nyama anasiya kudula. Azimayi aja anaphulika kuseka, wina mpaka kugwira chitseko. Liwulo silinali ngati mmene ndinkaliyembekezera. Linali la munthu wamphamvu, chifuwa chisanawagwire, ndipo kumapeto kwa mawu linkakwera pang'ono, chinthu chimene ndinali nditaiwaliratu. Ndinadzimva ndekha pa tepi ndikuyankha kuti, "Imani bwino, inunso mukugwedezeka ngati mwana." Iwo n'kunena kuti, "Mwati chiyani?" Sindinalire. Ndinangogwira mpando mwamphamvu, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu okha kuti, "Bambo, tsitsani mawu."

Tepi inayenda mpaka tinalowa m'tchalitchi. Mwana wanga anafika kutsogolo ndi chovala choyera, abusa anatsegula buku. Pamenepo deki inalira ngati ikutafuna mchenga, chithunzi chinapindika, n'kuda. Anazimitsa msanga, anatsegula ndi sikuludiraiva. Tepi inali itakulungana m'kati ngati nzimbe yotafuna kale. Anayesa kulumikiza ndi selotepi, koma yotsalayo inali itamatana, ndipo poikoka zakuda zake zinkatsalira pa zala. Anapukuta zala pa buluku, osandiyang'ana.

"Yathera pamenepa, amayi."

"Ulendo woyamba inafika mpaka kumapeto."

"Inafika."

"Ndipo munafufuta."

Anatenga chimbale chatsopano. Anaika zimene zinapulumuka pa chimbale, ine nditaima pomwepo, ndipo ndinamuuza kuti achiyese kaye ndimve ndi makutu anga ndisanachoke. Ananena kuti pepani. Ndinamva, koma sindinamuyankhe kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Ndinatenga chimbale, ndinatenganso tepi yodukayo, n'kufunsa chitenje changa. Anachipeza ataphimbira chokuzira mawu china.

Mwana wanga anasamutsira mawuwo m'kafoni kanga kakang'ono. Ndimawamvera m'mawa ndikamasesa, nthawi zina kumunda. Adzukulu anawaloweza, moti wamng'ono akamavekedwa yunifolomu amakuwa kuti chingwe chikumupha. Akandifunsa kuti agogo aamuna ananena chiyani pa madyerero, ndimawauza zimene ndikukumbukira. Ananena zoti mwamuna asamadye yekha kumsika mkazi ali ndi njala kunyumba, ndi zoti mukayambana musamatengere nkhani kwa anthu a mu laini. Panali zina zambiri, ndipo panali pena pamene anthu akuluakulu anaseka mpaka kupukuta misozi. Pamenepo sindikukumbukira chimene ananena. Ndafunsa amene analipo, aliyense akuti anaseka koma waiwala.

Alamu anatumiza mawu kudzera kwa mwana wanga kuti amva zoti pali chimbale china, ndipo abale akufuna kuchiona. Ndinati auzidwe kuti ali nacho kale chawo, cha ulemu. Tikakumana pamaliro ndimawapatsa moni ndi manja awiri monga kale, ndimafunsa za kunyumba, basi.

Chimbale chawocho ndinachionanso kamodzi, kwa mwana wanga ku Limbe, amene anali ndi kope lake. Ndinamuuza kuti atseke nyimbo, apititse pamene bambo aimirira pa madyerero. Ndinasendera pafupi ndi tivi kuti mwina ndiwerenge milomo yawo, popeza Chilomwe chawo ndinachimva zaka zonse za ukwati wathu. Koma chithunzicho anachichedwetsa, ndipo mtambo umadutsa pakamwa pawo. Ndinayang'ana mpaka maso anawawa, osatolapo ngakhale liwu limodzi. Ndinamuuza mwana wanga kuti azimitse, ndipo chimbalecho asadzachiikenso ine ndili m'nyumba.